PROGUL: LIU LA CHIRASHA LONENA ZA KUJOMBA

Mtundu uliwonse wa anthu umene uli ndi belu la sukulu kapena kaundula wa antchito unayenera kudzipezera liu lotchulira munthu amene afunika kukhalapo koma palibe. Ife timati wajomba. Mphunzitsi akaitana dzina kawiri popanda woyankha amaika kachizindikiro m'kaundula, ndipo kapitao pa ntchito amachita chimodzimodzi. Anthu a ku Russia nawo ali ndi liu lao, ndilo progul. Limagwira ntchito ponse pawiri: mwana wothawa sukulu wachita progul, ndipo bambo wosafika ku ntchito popanda chifukwa chomveka wachitanso progul. Wochitayo amamutcha progulshchik.

Mwezi uno tafuna kulimasula liuli pamodzi ndi awerengi athu, makolo ndi achinyamata omwe. Tatero pakuti kapangidwe kake kali ndi nzeru imene liu lathu lakuti kujomba siliulula, ndiponso chifukwa panali nthawi imene liu lomweli linaimiritsa anthu mamiliyoni pamaso pa woweruza.

Tsinde lake

Liuli lili ndi zidutswa ziwiri, pro ndi gul. Tiyambe ndi chachiwiricho, popeza ndicho tsinde. Gul achokera ku mneni wakuti gulyat, amene mwana aliyense wa ku Russia amamudziwa asanayambe n'komwe sukulu. Tanthauzo lake la masiku onse ndi kuyenda kosathamangira kanthu, kumene ife timati kuwongola miyendo kapena kupitidwa mphepo. Si ulendo wa ku chigayo kapena wa ku chipatala ai. Ulendo wotere uli ndi aneni ake ena. Gulyat ndi kuyenda kwa munthu amene sakudikiridwa kulikonse. Mai akatopa ndi phokoso la ana m'nyumba amawauza kuti atuluke akachite gulyat, ndiye kuti akasewere kunja. Dokotala amalangiza wodwala amene wayamba kupeza bwino kuti azichita gulyat madzulo aliwonse.

Komatu mneniyu ndi wotambalala ngati dambo. Anthu akakhala pa ukwati, kudya, kumwa ndi kuvina, amati ali pa gulyat. Wantchito amene ali pa tsiku lake lopuma amanenedwa chimodzimodzi, ngakhale atangokhala pa mpando tsiku lonse. Munda umene augoneka chaka chimenecho osaulima, naonso amati ukuchita gulyat, monganso mphepo yolowa ndi kutuluka m'nyumba yosatsekeka bwino. Mnyamata ndi mtsikana akayamba kuonekera limodzi m'misewu, anthu amagwiritsa mneni yemweyu. Ndipo mwamuna kapena mkazi wosakhulupirika m'banja amamunena ndi mneni yemweyonso. Apa awerengi aona okha kuti Arasha ndi ife taganiza mofanana, pakuti nafenso tikati uje ngoyendayenda sitinena za miyendo yake.

Nanga gulyat iyeyo anachokera kuti? Akatswiri a zinenero sanamvane mpaka lero. Max Vasmer, amene buku lake lalikulu lofotokoza magwero a mau a Chirasha linasindikizidwa ku Heidelberg m'dziko la Germany pakati pa 1950 ndi 1958, anasonkhanitsa maganizo angapo a anzake. Ena amati liuli ndi mbale wa gul, kutanthauza mkokomo, monga wa khamu la anthu pa phwando. Ena amalilumikiza ndi liu lakale lonena za kanthu kobulungira, kotero kuti poyamba likananena za kusewera mpira. Ena analiyerekeza ndi liu la ku Lithuania lotanthauza kugona pansi. Chimene chioneka poyera ndi umboni wa zinenero za pachibale. Ku Belarus mneni yemweyu ndiye liu la masiku onse lonena kusewera. Ku Poland hulać ndi kusangalala kopanda woletsa, ndipo kanjinga ka ana koimapo ndi phazi limodzi, lina likukankha pansi, amakatcha hulajnoga, pakuti noga ndi mwendo. Tikaika zonsezi pamodzi, ife tiona ngati mtima wa liuli ndiwo kumasuka ku goli la ntchito, ndipo kuyenda ndi chimodzi chabe mwa zimene munthu womasukayo amachita.

Mbiri ya dzikolo ichitira umboni zomwezo. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, pamene alimi ambiri a ku Russia anali kumangiriridwa ku minda ya eni malo, kunali gulu la anthu otchedwa gulyashchie lyudi. Lyudi ndi anthu. Amenewa sanalembedwe m'kaundula wa msonkho wa mudzi uliwonse, analibe mbuye, ndipo ankayenda uku ndi uku kufuna maganyu. Sanali aulesi, ambiri ankagwira ntchito zakalavulagaga pa madoko ndi pa mabwato. Anatchedwa choncho chifukwa panalibe buku limene dzina lao linkaitanidwamo.

Kachidutswa kamene kasintha zonse

Tsono tibwere ku pro. Ife Achewa tikafuna kupotoza tanthauzo la mneni timaonjezera kanthu kumapeto: kugona kumasanduka kugonereza, kumwa kumasanduka kumwera. Arasha amakonda kuphatikiza kanthu kumayambiriro. Pro ali ndi matanthauzo angapo. Loyamba ndi kupyola, kudutsa kuchokera uku kukatulukira uko. Koma lilipo lina limene litikhudza pano, ndilo kutaya chinthu mwa kuchita chimene mneniyo anena.

Taonani zitsanzo. Spat ndi kugona. Prospat ndi kugonereza mpaka chinthu chikupite, monga munthu wa m'sitima amene wadzuka atapitirira kale pa siteshoni yake. Pit ndi kumwa. Propit ndi kumwera, monga bambo amene wamwera malipiro a mwezi wonse. Igrat ndi kusewera. Proigrat ndi kudyedwa pa juga, ndiponso kugonja pa mpikisano uliwonse. Yest ndi kudya. Proyest ndi kutsiriza chuma pogula zam'kamwa. M'zitsanzo zonsezi mneni woyambayo alibe mlandu. Kugona n'kwabwino, kudya n'kofunika, kusewera n'koyenera. Koma pro akangokhala patsogolo pake, pamakhala kanthu kamene kalowa m'madzi.

Motero gulyat akalandira pro amakhala progulyat, ndiko kutaya chinthu mwa kuyendayenda kapena kusangalala. Munthu angathe kuchita progulyat ndalama zake, ndiye kuti wazimwaza pa maphwando. Mwana angathe kuchita progulyat phunziro la masamu. Kuchokera ku mneni ameneyu kunabadwa dzina lakuti progul.

Apa ndi pamene ife aphunzitsi talikondera liuli. Tikati mwana wajomba, tangonena kuti malo ake pa benchi ali opanda munthu. Mrasha akati progul, chinenero chake chaika tsiku la sukulu m'gulu limodzi ndi malipiro omwera mowa ndi ndalama zodyedwa pa juga. Chaliyesa tsikulo chuma chimene chinali m'manja m'mawa, madzulo n'kukhala palibe. Ndipo ndi mmene zililidi. Mwana amene sanalipo tsiku limene anzake anaphunzira kubwereka pochotsera manambala sangabwezeredwe tsikulo. Mphunzitsi wachifundo angamuthandize pambali, koma kalasi lapita kale patsogolo, ndipo mawa lake mwanayo amakhala chete osamva kanthu. Kusamvako ndiko kumam'chititsa manyazi, manyaziwo n'kumujombetsanso mkuja.

Ana a mimba imodzi

Chodabwitsa n'chakuti pro yemweyo ndi gul yemweyo anabalanso liu lina lokoma, lakuti progulka. Apa pro wabwerera ku tanthauzo lake lofatsa lija. Progulka ndi kaulendo kowongola miyendo: banja likuyenda m'paki madzulo, ana a sukulu ya mkaka atagwirana manja kutsata mphunzitsi wao, agogo akukankha kangolo ka khanda. Palibe amene amadzudzulidwa chifukwa cha progulka. Mlendo wophunzira Chirasha amasokoneza mau awiriwa kawirikawiri, ndipo angathe kuuza mwini ntchito kuti dzulo anajomba pamene amafuna kunena kuti anakapitidwa mphepo.

Alipo abale enanso. Otgul ndi tsiku lopuma limene wantchito amapatsidwa pobwezera tsiku limene anagwira ntchito anzake akupuma. Zagul ndi kulowerera m'mowa ndi m'maphwando masiku angapo osabwera kunyumba. Vygul ndi kutulutsa ziweto kapena galu kuti ziyende. Tsinde ndi limodzi ponseponse. Munthu wa pa otgul ndi munthu wa pa progul angathe kukhala pa benchi imodzi m'paki, dzuwa limodzi likuwaomba, wodutsa osatha kuwasiyanitsa. Chowasiyanitsa sichili m'miyendo mwao, koma pa funso lakuti nthawi imene akhalira pamenepoyo ndi ya yani. Woyambayo anaigula ndi thukuta lake. Wachiwiriyo waitenga kwa ena amene akumudikira.

Baibulo la Chirasha, limene linatuluka lathunthu mu 1876 ndipo likuwerengedwabe lero, lili ndi malo amene atithandiza pano. Buku limene ife timati 2 Samueli iwo amalitcha lachiwiri la Maufumu. Pa mutu 11, pamene tiwerenga za Davide akuyendayenda pa tsindwi la nyumba yake madzulo, omasulira anagwiritsa mneni wakuti progulivalsya, wa tsinde lathu lomwe lija. Anafuna kunena kuwongola miyendo chabe, progulka yopanda tchimo. Koma ndime yoyamba ya mutuwo yatiuza kale kuti inali nyengo imene mafumu amapita ku nkhondo, kuti Yoabu ndi ankhondo anali atazinga mudzi wa Raba, ndi kuti mfumu inatsalira ku Yerusalemu. Wowerenga wa Chirasha akhoza kumva mau onse awiri m'liu limodzilo. Zimene zinatsatira, za Bateseba ndi za Uriya, tizidziwa tonse, ndipo nyumba ya Davide inalira nazo zaka zambiri.

Achinyamata athu aone pamenepa kuti kujomba sikuyamba ndi mtima wofuna choipa. Sitinamvepo za mwana amene anadzuka m'mawa nati lero ndikaononge tsogolo langa. Amangopatuka pang'ono kukaona kanema pa msika, kukakhala pa mthunzi ndi anzake, kuperekeza mnzake ku dambo. Chimene chimapweteka ndi chakuti munthu amene sali pa malo ake amakhala pa malo ena, ndipo kumeneko amakumana ndi zimene sakanakumana nazo.

Liu lilowa m'malamulo

Mbali yotsalayi ikhudza ife amene timagwira kaundula: aphunzitsi, makolo, akulu a mpingo, ndi onse olemba anzao ntchito. Russia ndi dziko limene linayesa kuthetsa kujomba ndi mphamvu zonse za boma, ndipo n'koyenera kuona mmene zinayendera.

Mu 1861 mfumu Alexander II inamasula alimi ku ukapolo wa pa minda ya eni malo. M'zaka zotsatira ambiri anapita kukagwira ntchito m'mafakitale, koma mtima wao unatsalira kumudzi. Nyengo yokolola ikafika ankabwerera kwao. Masiku a zikondwerero za tchalitchi cha Orthodox anali ochuluka, ndipo tsiku lotsatira chikondwerero ambiri sankadzuka. Eni mafakitale anayankha ndi zindapusa, zimene ankadula pa malipiro ndi kuika m'thumba mwao. Pa fakitale yoomba nsalu ya Timofei Morozov ku Nikolskoye, kum'mawa kwa Moscow, zindapusazi zinkadya gawo lalikulu la malipiro a munthu. Mu Januwale 1885 antchito zikwi zingapo ananyanyala ntchito, ndipo kunyanyalako kunayamba pa tsiku la chikondwerero cha Yohane Mbatizi limene mwini fakitale analamula kuti likhale logwira ntchito.

Boma linatumiza asilikali, koma linaphunzirapo kanthu. Mu Juni 1886 linakhazikitsa lamulo la zindapusa, ndipo m'menemo progul anapatsidwa malire: kusafika pa ntchito kwa theka la tsiku kapena kuposerapo. Zindapusa zonse pamodzi sizinaloledwe kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro, ndipo ndalamazo zinayenera kusungidwa padera kuti zithandize antchito omwewo pa mavuto ao. Malamulo a nthawi imeneyo anatchulanso zifukwa zimene munthu sangaimbidwe nazo mlandu: kudwala, moto, kusefukira kwa mitsinje, kutsekeredwa, ndi imfa kapena matenda akulu a kholo, mkazi, mwamuna kapena mwana. Mphunzitsi aliyense wa kumudzi amene anaonapo theka la kalasi litatsalira kutsidya kwa mtsinje m'mwezi wa Febuluwale aona kuti olemba malamulowa, ngakhale sanali achifundo kwenikweni, ankadziwa moyo wa anthu.

Boma la Chikomyunizimu, limene linalowa mu 1917 m'dzina la antchito, ndilo linadzalimbitsa chingwe koposa. Kuyambira 1928 Joseph Stalin anafuna kumanga mafakitale akuluakulu mofulumira, ndipo anthu mamiliyoni anachoka m'midzi kudzadzaza mizinda, ambiri pothawa minda ya gulu imene ankakakamizidwa kulowamo. Progulshchik anasanduka mdani wa dziko. Ankamujambula pa zikwangwani atagwira botolo. Dzina lake linkalembedwa pa bolodi lakuda pa chipata cha fakitale, ndipo m'malo ena ankakalandirira malipiro ake pa zenera lapadera lochititsa manyazi.

Tipatuke pang'ono tinene za Sabata, pakuti nkhani yake yalukana ndi imeneyi. Masiku athu a mlungu amakumbukira ntchito: Lolemba ndi tsiku lolemba antchito, Loweruka ndi tsiku loweruka. A Chirasha amakumbukira kupuma. Liu lao la mlungu ndi nedelya, lochokera ku mau otanthauza kusagwira ntchito, ndipo kale linali dzina la tsiku la Mulungu lenilenilo. N'chifukwa chake Lolemba amalitcha ponedelnik, tsiku lotsata nedelya. Tsiku la Mulungu tsopano amalitcha voskresenye, ndiko kuuka kwa akufa. Mu 1929 boma linachotsa tsikuli ngati tsiku lopuma la onse. Antchito anagawidwa m'magulu asanu, gulu lililonse ndi tsiku lake lopuma pa masiku asanu aliwonse, kuti makina asaime ndiponso kuti anthu aiwale njira ya ku tchalitchi. Zotsatira zake, mwamuna ankapuma lero, mkazi wake mkuja, mnzake wapamtima tsiku linanso. Anthu anadandaula kuti kupuma uli wekha n'kopanda phindu. Makina nawo, posowa nthawi yowakonza ndi mwini woyang'anira, ankaonongeka. Mu 1931 anasintha n'kuika mlungu wa masiku 6, wopuma pa 6, 12, 18, 24 ndi 30 mwezi uliwonse. Tsiku la Mulungu linadzabwerera mu 1940. Dzina lake lokha, lonena za kuuka kwa Ambuye, silinachoke pakamwa pa anthu m'zaka zonse za boma losapembedzalo.

Mphindi 20

Pa 15 Novembala 1932 kunatuluka lamulo lakuti wojomba tsiku limodzi lokha popanda chifukwa chomveka achotsedwe ntchito, alandidwe makadi ogulira chakudya, ndipo atulutsidwe m'nyumba ya kampani. Tikumbuke kuti 1932 ndi 1933 zinali zaka za njala yoopsa imene inapha anthu mamiliyoni m'dzikomo, makamaka ku Ukraine ndi ku Kazakhstan. Khadi la chakudya linali moyo wa banja lonse, ndipo kutulutsidwa m'nyumba m'nyengo ya chisanu cha kumeneko sikufanana ndi kugona panja kwathu kuno. Pamenepa mwambi unatembenuka: nkhuyu zodya akulu zinapota ana.

Pa 28 Disembala 1938 lamulo linaumitsidwanso, ndipo mu Januwale 1939 boma linafotokoza kuti kuchedwa kopitirira mphindi 20 kuziwerengedwa ngati progul. Taonani mmene liu lija linayendera. Linayamba ndi munthu wotaya tsiku pa kusangalala. Mu 1886 linali theka la tsiku. Tsopano linagwira mai amene wachedwa chifukwa mwana anatentha thupi usiku, ndi bambo amene tramu yake, ndiyo sitima yaing'ono yoyenda m'misewu ya mu mzinda, inadzaza osatha kukweramo. Anthu amenewa sanayende konse ulendo wosangalala. Ankathamanga thukuta lili kamukamu. Komabe m'buku analembedwa kuti progulshchik. M'mwezi womwewo wantchito aliyense anayamba kukhala ndi kabuku ka ntchito, m'mene munkalembedwa chifukwa chimene anachotsedwera, kotero kuti liulo linkamutsata kulikonse.

Lamuloli linabala chinthu chimene olilemba sanachiyembekeze. Ntchito zinali zambiri, antchito ochepa, ndipo wofuna kusiya ntchito mwaulemu anayenera kudziwitsa mwezi wathunthu. Tsono ena anaona kuti njira yachidule ndiyo kuchedwa dala mphindi 21, kuchotsedwa tsiku lomwelo, n'kukalembedwa kwina kumene kunali malipiro abwinopo. Chilango chinasanduka khomo lotulukira.

Pofuna kutseka khomolo boma linatulutsa lamulo la pa 26 Juni 1940, lomwe lija linabwezeretsa mlungu wa masiku 7. Kujomba kunakhala mlandu wa ku khoti. Wolakwa sankachotsedwanso ntchito ai. Ankaweruzidwa kugwira ntchito ya chilango pa malo ake omwewo mpaka miyezi 6, akudulidwa mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake. Wosiya ntchito popanda chilolezo ankapita ku ndende miyezi 2 kufikira 4. Mkulu wa fakitale amene sanapereke wojomba ku khoti ankaimbidwa mlandu iye mwini. Kuyambira Ogasiti chaka chomwecho milanduyi inkaweruzidwa ndi woweruza mmodzi popanda omuthandiza, kuti iziyenda msanga. Pofika kumapeto kwa 1940, m'miyezi 6 yokha, anthu oposa 2 miliyoni anali atapezeka olakwa pa milandu iwiriyi.

Achinyamata sanasiyidwe. Mu Okutobala 1940 boma linayamba kutenga anyamata a zaka 14 kufikira 17 kuwaika m'sukulu za ntchito zamanja, ambiri kutali ndi makolo ao. Pa 28 Disembala chaka chomwecho linalamula kuti wothawa pa sukulu zimenezi akhoza kutsekeredwa ku malo a chilango mpaka chaka chathunthu. Anyamata ankathawabe, ambiri chifukwa cha njala, kuzizira kwa m'magonero ndi kupukwa kwao.

Kodi mantha anathetsa kujomba? Anthu anaphunzira kufika pa chipata nthawi yake, zimenezo n'zoona. Koma anaphunziranso njira zina. Kalata ya dokotala inasanduka chuma, ndipo madokotala ankapanikizidwa uku ndi odwala, uku ndi boma. Akulu a mafakitale, posafuna kutaya amisiri ao, ankabisa milandu kapena kulemba kuti munthu anali pa tchuthi. Ndipo munthu angathe kufika nthawi yake, n'kuima pa makina tsiku lonse mtima uli kwina. Zotere ife aphunzitsi tizidziwa bwino. Mwana wobwera chifukwa choopa mkwapulo amayankha dzina lake likaitanidwa, koma ukayang'ana m'kope mwake umapeza kuti anajomba ali m'kalasi momwemo. Timawadziwanso Akhristu ofika pa mapemphero mlungu wokhawo woyandikira Mgonero, kuti dzina lisafufutidwe m'buku.

Sitikunena kuti kaundula atayidwe kapena kuti chilango chilibe malo. Mwana wosadzudzulidwa pa kujomba amayesa kuti palibe amene anaona kuti sanalipo, ndipo zimenezo zimapweteka kuposa chilango. Chimene tiona m'mbiri ya Russia n'chakuti liu limodzi linafunditsidwa pa anthu osiyana kwambiri, chidakwa, mai wa mwana wodwala, mnyamata wanjala, ndipo onse analandira mankhwala amodzi. M'kalasi mwathu namo kachizindikiro ka m'kaundula n'kamodzi, koma kumbuyo kwake kuli mwana amene anapita ku kanema, wina amene makolo ake omwe anamutuma ku msika kapena kukalera mng'ono wake, wina amene malaya ake amodzi okhawo sanaume, ndi mtsikana amene akuopa munthu wina pa njira. Kholo limene limajombetsa mwana Lachisanu kuti akagulitse tomato lisadabwe mwanayo akadzadzijombetsa yekha Lachiwiri.

Lamulo la 1940 linafewetsedwa mu 1951, ndipo linachotsedwa pa 25 Epulo 1956, patapita zaka zitatu Stalin atamwalira. Koma vuto silinathe. Mu 1983, Yuri Andropov ali mtsogoleri, apolisi ankalowa m'nyumba za kanema, m'masitolo ndi m'nyumba zosambiramo nthawi ya ntchito, kufunsa aliyense chifukwa chimene sanali pa ntchito. Anagwiramo aulesi ndithu. Anagwiramonso amai ambiri amene anazemba pa ntchito kukaima pa mzere, chifukwa katundu anali wosowa, ndipo woyembekeza kuweruka ankapeza zonse zitatha. Chaka chomwecho malire a progul anaikidwa pa maola opitirira 3 pa tsiku. Andropov anamwalira mu Febuluwale 1984, ndipo kusakasaka kwa m'masitolo kunazilala.

Dziko la Soviet Union linatha mu 1991. M'malamulo a ntchito a Russia amene anayamba kugwira ntchito mu 2002, progul ndi kusakhala pa malo a ntchito tsiku lonse, kapena maola opitirira 4 motsatizana, popanda chifukwa chomveka. Si mlandu wa ku ndende, koma munthu akhoza kuchotsedwa nawo ntchito ngakhale atachita kamodzi kokha. Mau amene tamasulira kuti chifukwa chomveka, m'Chirasha ndi uvazhitelnaya prichina, ndiko kunena chifukwa choyenera kuchitiridwa ulemu. Ana a sukulu amawadziwanso mau amenewa, pakuti ndiwo amalembedwa m'kalata imene kholo limatumiza kwa mphunzitsi. Malamulowo sanandandalike zifukwa zonse zoyenera ulemu; nkhani iliyonse imaonedwa payokha, ndipo pakakhala kusamvana khoti ndilo limagamula. Koma asanapereke chilango chilichonse, mwini ntchito ayenera kupempha wojombayo kuti alembe yekha kumene anali ndi chimene chinachitika, ndipo ayenera kumudikira masiku awiri a ntchito kuti ayankhe.